Amene anatiikira mbaula ya nkhuni mu fayapulesi yathu kuno ku South Bend, mmene ndawaonera patatha nyengo zozizira ziwiri

Tsiku loyamba kubwera kwathu mkulu wa kakampani kamene kanatiikira mbaulayi sanatulutse katalogi kapena kuyamba za mitengo ayi, anangopempha kansalu koyala pansi, kutenga tochi, nkugona chagada mutu uli mkati mwa fayapulesi, malo okolezera moto amene ali pakhoma la pabalaza. Anakhalamo mwina mphindi khumi akupukuta mwaye ndi chala mmbali mwa khomo la moto mpaka anapeza kachitsulo kakang'ono ngati laisensi ya galimoto kolembedwa dzina la kampani, modelo ndi manambala ena. Anakajambula pa foni nkudzuka, ndiye akundiuza kuti mayi, lero sindikugulitsani chilichonse, ndikufuna ndikawerenge kaye buku la fayapulesi yanuyi, likakana ndiye kuti nanenso ndakana. Ine nthawi imeneyo zinandinyansa pang'ono chifukwa ndinali nditasinthitsa shifiti kuntchito kuti ndimudikire ndipo ndimayembekeza kuti tsiku lomwelo tigwirizana zonse. Koma pano ndikamawauza anzanga za kakampani kameneka ndimayambira pomwepa.

Ndi kakampani ka pabanja, bambo wachikulire ndi mwana wake wamwamuna ndi mnyamata wina mmodzi, amagwira kuno ku South Bend, Mishawaka mpaka cha ku Elkhart, amasesa machumuni komanso kuika mbaula. Ofuna dzina ndi nambala mundifunse tikakumana, pano ndingofotokoza ntchito yawo.

Nyumba tinagula 2021, yomangidwa zaka za m'ma 1990, ili ndi fayapulesi pabalaza yooneka bwino ndithu, njerwa kutsogolo, shelefu ya thabwa pamwamba. Vuto lake moto wa mmenemo ndi wongoonera. Umatentha kumaso ndi mmaondo basi, msana uli zii, kutentha konse kukuthawira ku chumuni ndipo imakokanso mpweya wofunda wa mnyumba nkumautaya kunja. Chimene chinandipangitsa kuganiza mozama ndi chimphepo cha sinowo chija chinabwera Khrisimasi ya 2022 itatsala masiku awiri. Bambo akunyumba amayendetsa thiraki ndiye anali atatsekeredwa kutali, ine ndili ndekha ndi ana atatu, magetsi nkuthima kwathu kuno kwa maola angapo. Ambiri tikangofika kuno sitidziwa kuti fanesi ya gasi, makina otenthetsa nyumba yonse, nayonso imafuna magetsi kuti fani yake izungulire, magetsi akapita gasi alipo koma nyumba ikuzizira. Ndinakoleza moto mu fayapulesi muja, nkhuni zinatha mwachangu ngati mapesi, ana ali mbulangete mano akugundana. Ine ndinakulira ku Dedza, kuzizira kwa Juni ndi Julaye ndimakudziwa, koma uku kwa mphepo yochokera ku Lake Michigan ndi kwina, kumapha. Usiku umenewo ndinatsimikiza kuti chaka chamawa tikhale ndi moto weniweni wosadalira waya.

Chimene timafuna ndi mbaula ya chitsulo yotseka ndi chitseko cha galasi imene amailowetsa mkati mwa fayapulesi, kuno amati inseti. Ndinayamba ndaimbira shopu ina, iwo anangondifunsa mulifupi ndi mulitali mwa khomo la moto pa foni pomwepo nkunditchulira mtengo, akuti tibwera sabata yamawa, osafunsa ngakhale kuti fayapulesi yake ndi yamtundu wanji. Achimwene ena amene timapemphera nawo anatinso bwanji mungogula yakale pa Facebook Marketplace tidzakuthandizeni kukankhira mkati Lamlungu, ndipo amanena ndi mtima wabwino ndithu chifukwa ndi mmene timathandizirana kuno. Ndikuthokoza Mulungu kuti sitinatero.

Nkhani yake ndi iyi, monga mmene mkulu uja anandifotokozera atabweranso ndi mapepala. Ma fayapulesi alipo a mitundu iwiri. Ina ndi yomanga ndi njerwa zenizeni kuchokera pa maziko mpaka padenga. Ina ndi yopangidwa ku fakitale, bokosi la malata lokhala ndi makoma awiri kapena atatu, amangolibweretsa nkuliika pakati pa matabwa a nyumba, kenako nkumata njerwa zopyapyala kapena matailosi kutsogolo kuti lizioneka ngati lomanga. Yathu ndi yachiwiriyi, ndipo nyumba zambiri zimene ife timakwanitsa kugula kuno za zaka zimenezi zili ndi zoterezi. Anandiuza kuti ndigogode mkati, zimene ndimaziona ngati njerwa zinali mapanelo opyapyala ojambulidwa mizere ya njerwa, kuyang'ana mmwamba ndi tochi ndi paipi yozungulira ya chitsulo, ndipo padenga chimene ndimachitcha chumuni ndi bokosi la matabwa lokutidwa ngati khoma la nyumba lomwe. Ndiye taganizani, kuseri kwa lata limenelo mainchesi ochepa chabe kuli matabwa ouma a zaka 30.

Bokosi limeneli ndi paipi yake anaziyesa limodzi ngati chinthu chimodzi pa muyezo umene amautcha UL 127, ndipo anaziyesa ndi moto wapoyera umene umakoka mpweya wambiri wozizira nkumaziziritsa paipi, moto wa madzulo amodzi. Inseti ndi nyama ina. Imayaka maola ambiri tsiku ndi tsiku, mpweya wochepa, utsi ukuyenda pang'onopang'ono, ndiye mwaye wake ndi uja womata ngati phula, amati creosote, ukagwira moto mu chumuni umayaka koopsa. Mapaipi ambiri a ma fayapulesi a fakitale anayesedwa kufika madigiri 1700 a Fahrenheit pamene mbaula yotseka imafuna paipi yoyesedwa kufika 2100, amene ndi pafupifupi 1150 pa Celsius yathu ija. China chimene chinandiopsa kwambiri ndi choti thabwa likamawawuka pang'onopang'ono zaka ndi zaka limasintha, limayamba kugwira moto pa kutentha kochepa kusiyana ndi thabwa latsopano. Ndiye munthu utha kuikitsa molakwika, chaka choyamba bwinobwino, chachiwiri bwinobwino, nkumauza anzako kuti palibe vuto, kenako usiku wina moto nkuyambira mkati mwa khoma mmene simukuona. Ine ndimagwira ntchito usiku nthawi zina, ana amagona chipinda chimene chili kuseri kwa khoma lomwelo. Nditamva zimenezi za mtengo wotchipa zinachokeratu mmutu.

Iye lamulo lake ndi loti mabuku awiri onse avomere. Buku la inseti linene kuti ikhoza kulowa mu fayapulesi ya fakitale, chifukwa zambiri ndi za fayapulesi ya njerwa yokha, komanso buku la fayapulesi lisakhale loletsa, pakuti makampani ena analemberatu kuti musaikemo inseti iliyonse kupatula imene iwo anaiyesa. Lathu analipeza pa intaneti ndi nambala ya pa kachitsulo kaja, anandisindikizira tsamba lake nkulemba mzere pansi pa ndime yake kuti ndiwerenge ndekha. Zinatheka, koma ndi ma inseti ang'onoang'ono ochepa okha amene amakwana.

Asanatenge dipoziti anati tipange kaye inspekishoni ya Level 2, imene muyezo wa chitetezo cha machumuni wotchedwa NFPA 211 umafuna ukamasintha chipangizo cha moto kapena nyumba ikamagulitsidwa. Amalowetsa kamera mu paipi yonse, kukwera padenga, kulowanso mu siling'i. Tinalipira $325 ndipo ndalama imeneyi ndi imene sindidandaula nayo ngakhale pang'ono. Anapeza zinthu zitatu. Panelo ya kumbuyo inali ndi mng'alu woti ndalama yachitsulo imalowa, chivindikiro cha lata cha pamwamba pa bokosi la padenga chinali chitachita dzimbiri madzi akudikha pakati nkumadontha, ndipo chachikulu, mu siling'i anthu ena amene anadzathira insuleshoni, zija zoteteza kuti kutentha kusatuluke mnyumba, kale kale anaithira mpaka kukhudza paipi, pamene pa paipipo palembedwa kuti pakhale mpata wa mainchesi 2. Anandionetsa zithunzi, insuleshoni yake inali itasintha mtundu mozungulira. Ife takhala tikukoleza moto mmenemo nyengo ziwiri osadziwa kanthu. Pogula nyumba inspekitala wa nyumba anabwera inde, koma uja amangosuzumira, kamera salowetsa.

Mkuluyu ali ndi satifiketi ya CSIA, bungwe limene limaphunzitsa ndi kuyesa osesa machumuni, likulu lake lili konkuno ku Indiana ku Plainfield kufupi ndi Indianapolis, mwana wakeyo ali ndi ya NFI ya oika mbaula. Sanadikire kuti ndifunse, anandipatsa manambala kuti ndikaone ndekha pa webusaiti, ndinakaonadi ndipo analipo.

Ntchito yeniyeni inachitika Novembala 2023, masiku awiri. Loyamba anakonza zolakwika zija, panelo yatsopano ya modelo yomweyo osati yongodula, chivindikiro chatsopano cha stainless chopendekeka kuti madzi azitsika, ndi chotchinga cha lata mu siling'i choti insuleshoni isayandikirenso paipi. Lachiwiri ndiye anatsitsa layina, paipi ya stainless ya mainchesi 6 yokutidwa ndi bulangete losapsa, kuchokera pamwamba penipeni mpaka kudzamangika pa inseti ndi masikuluwu. Apa ndi pamene anthu ofuna kutchipitsa amadumpha, amangoika kapaipi kafupi kolowa pang'ono mu chumuni chakale kapena osaika nkomwe. Layina yathu ndi yoyesedwa pa UL 1777, pepala lake anandisiyira. Dampa, kachitseko ka utsi kaja, anakachotsa poti buku limalola, nkukhomera kachitsulo kena mkati konena kuti fayapulesi iyi inasinthidwa, wina asadzaigwiritse ngati yapoyera asanabwezeretse zonse.

Chimene chinandisangalatsa kuona ndi mmene amasamalira mipata ya mpweya. Fayapulesi yathu ili ndi timazenera ta mizeremizere pansi ndi pamwamba, ine ndinapempha kuti chimango chakuda cha inseti chitseke zonsezo kuti pazioneka bwino. Anakana ndithu. Akuti mpweya umene umadutsa mmenemo ndi umene umaziziritsa bokosi kuti matabwa asatenthe, ndipo ngakhale padenga sanamate chivindikiro kuti phaa, anasiya njira yoti mpweya wa pakati pa makoma a paipi yakale uzituluka. Ndiye kunena zoona maonekedwe ake si a mu magazini, timazenera tija tikuoneka, koma ndinamvetsa. Anayezanso shelefu ya thabwa ija, inali pafupi ndi mainchesi angapo kuposa mmene buku likunenera ndiye anaika kachidutswa ka lata kotchinga kutentha pansi pake, ndipo pansi kutsogolo anawonjezera bolodi losapsa ndi matailosi kuti pakwane mainchesi 16 kuchokera pa chitseko chifukwa inseti imatulukira kunja pang'ono ndipo kapeti inali pafupi. Chinthucho ncholemera, mapaundi opitirira 300, anaika zochirikiza kutsogolo kuti kulemera konse kusatsamire pa mlomo wa lata.

Pemiti anakatenga okha, inspekitala anabwera nkusaina. Pepala limenelo ndi limene a inshuwalansi anandifunsa nditawaimbira, pamodzi ndi zithunzi ndi risiti. Chonde abale anga muziwauza a inshuwalansi, musabise poopa kuti akweza, yathu inakwera pang'ono chabe, koma nyumba itapsa iwo osadziwa kuti munaika mbaula mudzavutika nawo.

Tsopano zimene sizinandisangalatse, chifukwa zilipo. Kuyankha foni ndi mameseji ndi ovuta zedi. Ndinawapeza Ogasiti, inspekishoni inachitika Seputembala, kenako zii milungu itatu, ine kuimba kusiya uthenga osayankhidwa mpaka ndinayamba kuganiza kuti dipoziti yanga ya $2,000 yapita. Atayankha akuti panelo inachedwa kubwera komanso nyengo imeneyi aliyense amafuna kusesetsa chumuni. Chabwino ndikumva, koma meseji imodzi yokha ikanakwana kuti mtima wanga ukhale pansi. Tsiku loika anasinthanso kawiri, kamodzi chifukwa cha mphepo padenga zimene nzomveka, kachiwiri anandiuza usiku wa dzulo lake ine nditapempha kale ofu kuntchito, ndipo amene mumagwira ku ma nesing'i homu mukudziwa kuvuta kwake kupeza woti akugwirire shifiti. Fumbi nalo anasiya lambiri, anayala nsalu inde koma podula matailosi anadulira mu galaja chitseko cholowera mnyumba chili chotsegula, ndinapukuta masiku awiri. Komanso sanandichenjeze mokwanira za fungo la penti moto woyamba, anangoti kanunkha pang'ono, koma kunali utsi woti alamu inalira, tinatsegula mawindo kunja kukuzizira. Kolezani timoto ting'onoting'ono katatu koyamba ana ali kusukulu.

Ndalama zonse, inseti ndi layina ndi ntchito $5,900, zokonza zija chivindikiro panelo ndi za mu siling'i $1,150, kuphatikiza inspekishoni ija. Shopu ya pa foni ija inali yotsika ndi pafupifupi $2,000, koma munalibe layina yathunthu kapena kukwera mu siling'i. Chaka chimene tinaikitsacho, 2023, boma la America linkabweza 30 peresenti pa msonkho mpaka $2,000 ngati mbaula yake ikufika 75 peresenti pa kasungidwe ka kutentha, timadzaza Form 5695, ndipo mwana wa mkulu uja ndi amene anatikumbutsa nkutipatsa satifiketi ya kampani yopanga. Tinabwezeredwa $1,770. Mufunse amene amakupangirani za msonkho mmene zilili chaka chimene mukuikitsa. Muonetsetsenso kuti ndi yovomerezeka ndi EPA, bungwe la boma loona za chilengedwe, pa malamulo amene anayamba Meyi 2020, oti utsi usapitirire magalamu 2 pa ola, kapena 2.5 ngati anayesa ndi nkhuni wamba. Zakale za pa intaneti zambiri sizifika pamenepo.

Kagwiridwe kake patatha nyengo ziwiri, ndakhutira. Balaza, khitchini ndi kolido zimafunda bwino moti fanesi imakhala chete masana onse, zipinda za kumapeto zimakhala zozizirirako. Mkuluyu anandiuziratu kuti poti bokosi lake ndi laling'ono ndisayembekezere moto wa usiku wonse, ndipo ndi zoona, ndikadzaza 10 koloko usiku pofika 4 mmawa kwatsala makala ochepa, maola asanu kapena asanu ndi limodzi basi. Nkhuni zake zisapitirire mainchesi 16. Fani yake ikakhala pa hayi imasokosa, TV timakweza, pa lo ndi bwino. Januwale 2024 kutazizira koopsa kuja magetsi anathimanso kanthawi, fani inaima koma chitsulo chimatenthabe, tinasonkhana pabalaza tonse ana akuchita homuweki ndi tochi atavula majekete. Ndinakumbuka usiku uja wa 2022 misozi inalengeza.

Pa nkhuni ndi pamene anandiphunzitsa zambiri ngakhale ine ndinakula ndikutola nkhuni ku phiri. Kwathu nkhuni yaiwisi umangoipirira utsi pa mafuwa, mwaye nkumakhala ku denga la khitchini, kuno mwaye umenewo ukubisala mu paipi mkati mwa nyumba. Anandipatsa kamita ka timisomali tiwiri, umawaza chikuni nkubaya pakati, chinyezi chikhale pansi pa 20 peresenti. Ogulitsa onse amati zawo nzouma, yezani asanatsitse. Mufunsenso ngati ndi muyezo wathunthu wa nkhuni umene amati cord, mafiti 4 kwa 4 kwa 8, chifukwa ena amabweretsa mzere umodzi umene ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu nkumatchula dzina lomwelo. Mitengo ya ash ikupezeka yambiri dera lino chifukwa cha kachilombo kaja emerald ash borer kanapezeka kufupi ndi Detroit mu 2002 nkupha mitengo yosawerengeka, imauma msanga ndipo imayaka bwino, koma mugule za pafupi, osanyamula nkhuni mtunda wautali chifukwa ndi mmene tizilombo timafalikira. Oak ndi yabwino kwambiri koma imafuna zaka ziwiri. Matabwa openta, makatoni, mapulasitiki, ayi ndithu. Phulusa mu ndowa ya chitsulo yovindikira, panja pa simenti kutali ndi khoma, chifukwa makala amabisala mmenemo masiku.

Sanachoke tsiku lomaliza mpaka ataona kuti tili ndi alamu ya carbon monoxide kufupi ndi zipinda zogona, yathu inali yakale anatiuza tigule ina tsiku lomwelo. Apa sanafunike kundinyengerera. Tonse a kumudzi tikudziwa za anthu amene analowetsa mbaula ya makala mchipinda usiku wa Juni nkutseka chitseko osadzukanso, mpweya wake ndi womwewo, sununkha ndipo suoneka.

Atabwera kudzasesa koyamba 2024 anatulutsa mwaye wouma ngati ufa wosadzaza ngakhale kapu ziwiri, anandionetsa mmanja akuti pitirizani mmene mukuchitiramo, analowanso mu siling'i kukaona chotchinga chija osandilipiritsa china. $240 kusesa.

Chaka chathachi mlamu wanga amene amakhala cha ku Mishawaka ataona yathu anawaitana. Kwawo kachitsulo kaja kanapezeka, buku linapezeka, koma linalemba poyera kuti musaikemo inseti. Mkulu uja anakana, ngakhale mlamu anachonderera kuti kwa mlamu wanga munaika bwanji ndipo nyumba zake nzofanana. Anawapatsa njira ziwiri, kuchotsa bokosi lonse ndi paipi yake nkuika fayapulesi ina ya fakitale yopangidwira kutenthetsa nyumba, imene ndi yodula kwambiri poti khoma limagumulidwa, kapena mbaula yoima payokha pakona ina yokhala ndi chumuni chakechake. Mlamu anakhumudwa, anandiimbira akudandaula kuti walipira $325 kungouzidwa kuti ayi. Ndinamuuza kuti abwere adzaone zithunzi za mu siling'i mwathu zija, anabwera, anaziona, pano akusunga ndalama za mbaula yoima payokha ndipo akuti adzaitana omwewo. Ine ndabukitsa kale kusesa kwa chaka chino, ndasankha Julaye, nthawi imene foni amayankha.